Zimene Ana Amatolapo pa Makatuni a Ana Aakazi a Mafumu

Mu filimu ya Sleeping Beauty, imene kampani ya Walt Disney inatulutsa mu 1959, kunyumba ya mfumu kutabadwa mwana wamkazi kunabwera tiakazi titatu tamatsenga kudzaona khandalo. Woyamba analipatsa kukongola. Wachiwiri analipatsa mawu okoma oimbira. Wachitatu asanapereke mphatso yake, mfiti Maleficent inatulukira n'kutemberera mwanayo, moti mphatso yotsalayo inangothera kufewetsa temberero: m'malo mofa, mtsikanayo adzagona tulo mpaka munthu womukonda adzamupsompsone. Nzeru, kulimba mtima kapena luso la manja, palibe amene anazitchula. Filimuyi ndi ya mphindi 75, koma Aurora, mwini nkhani, amaoneka kwa mphindi pafupifupi 18 zokha, ndipo akangobwezedwa kunyumba yachifumu salankhulanso mpaka kumapeto.

Akuluakulu akhala akukangana za mafilimu oterewa kwa zaka zambiri. Ena amati amaphunzitsa mwana wamkazi kukhala chete n'kumadikira mwamuna womupulumutsa. Mu 2018, katswiri wa mafilimu wa ku Britain, Keira Knightley, ananena pa TV kuti mwana wake wamkazi samulola kuonera Cinderella ndi The Little Mermaid. Ena amati zonsezo n'kukokomeza, katuni ndi katuni, mwana amaonera n'kuiwala. Mbali zonse ziwirizi zimalakwitsa chinthu chimodzi. Zimayesa kuti mwana amamva nkhani monga mmene wamkulu amaimvera, kuyambira poyamba mpaka pamapeto, kenako n'kutolapo phunziro. Mwana wa zaka 4 kapena 5 satero. Iye amatola zimene maso ake aona mobwerezabwereza, ndipo pamenepo ndi pamene mafilimu amenewa asintha pang'ono kwambiri, ngakhale nkhani zake zasintha kotheratu.

Kusintha kwa nkhaniko n'koonekeratu. Snow White and the Seven Dwarfs ya 1937 imaonetsa mtsikana amene akuthawa imfa, n'kupeza kanyumba kauve m'nkhalango. Asanadziwe n'komwe eni ake, amayamba kusesa, kutsuka mbale ndi kuchapa, kenako amapangana ndi amuna 7 aafupi msinkhu kuti aziwaphikira iwo n'kumusunga. Cinderella ya 1950 ndi ya mtsikana wopirira nkhanza amene akupulumuka chifukwa phazi lake lakwana mu nsapato yagalasi. Patadutsa zaka 30 chitulukireni Sleeping Beauty kunabwera gulu lina: Ariel mu 1989, Belle mu 1991, Jasmine mu 1992, Pocahontas mu 1995 ndi Mulan mu 1998. Awa ndi atsikana a maganizo awoawo, ambiri amatsutsana ndi abambo awo, amafuna kuona dziko. Gulu lachitatu linayamba ndi Tiana mu 2009. Merida wa mu Brave ya 2012 amakaniratu ukwati. Moana wa 2016 amapalasa bwato payekha panyanja yaikulu kukapulumutsa anthu a pachilumba chake, ndipo m'filimu yonseyo mulibe chibwenzi. Wamkulu woonera mafilimuwa motsatizana angakhutire kuti zinthu zakonzeka.

Koma tiyambe taona mmene mwana amamvera. Mu 2008, Marie-Louise Mares ndi Emily Acosta, ochita kafukufuku a ku America, anaonetsa ana a zaka 5 ndi 6 katuni ya Clifford the Big Red Dog. M'gawo limenelo agalu amakumana ndi galu wa miyendo itatu. Poyamba amamuopa kuti angawapatsire matenda, kenako amazindikira kuti ndi galu ngati iwo omwe. Olemba katuniyo ankafuna kuti ana aphunzire kusasala anthu olumala. Atafunsidwa, ana ambiri anati phunziro lake ndi kuchitira chifundo agalu a miyendo itatu. Za anthu sanaziganizire. Komanso mantha aja, amene anatenga nthawi yaitali m'katuniyo, anawakhala m'mutu kuposa kuyanjana kwa mphindi zomaliza.

Zimenezi n'zofunika kwambiri pa nkhani yathuyi. Taganizirani Beauty and the Beast, filimu yoyamba ya katuni kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar ya filimu yopambana zonse. Phunziro limene imalengeza ndi lakuti munthu tisamuweruze poona nkhope. Koma mwana akuona chiyani? Akuona kuti wonyansa amene tiyenera kumumvetsa ndi mwamuna, pamene mtsikana ndi wokongola kuposa onse m'mudzi. Akuonanso kuti pomaliza chilombocho chikusanduka mnyamata wooneka bwino, ngati kuti ndiwo malipiro a Belle. Sindikudziwa filimu ya m'gulu limeneli imene inatembenuza zinthu kuti mnyamata wokongola aphunzire kukonda mtsikana wa nkhope yoopsa.

Palinso china cholemera. Chilombo chija chimatsekera bambo wa Belle m'ndende, Belle n'kudzipereka kukhala mkaidi m'malo mwawo. Chimamukalipira, chimalamula kuti akapanda kudya nacho asadye n'komwe, ndipo atalowa m'chipinda choletsedwa chimaswa katundu mpaka iye kuthawira m'nkhalango usiku. Oikira kumbuyo filimuyi ali ndi mfundo zomveka. Linda Woolverton, mayi woyamba kulemba filimu yaitali ya katuni ya Disney, anapanga Belle kukhala wokonda mabuku, wokana Gaston amene atsikana ena onse ankamufera, ndiponso woyankha chilombocho mosaopa. Belle sanachikonde chisanasinthe khalidwe, ndipo chinamumasula kuti apite kwawo. Zonsezi n'zoona, koma zimafuna munthu wotha kulumikiza chiyambi, pakati ndi mapeto. Mwana wamng'ono amaona mwamuna waukali, mtsikana woleza mtima, kenako gule ndi diresi lachikasu. Kwa ife amene tinamvapo alangizi akuuza mkwatibwi kuti banja ndi kupirira, ndipo tinaonapo amayi akupirira mpaka kuvulala, uthenga wakuti nkhanza za mwamuna zimatha ukamukonda mokwanira si wachilendo. Filimuyi ikhoza kungouthirira.

Kubwereza n'kumene kumalimbitsa zonsezi. Agogo akamakamba nthano madzulo, ana akuvomera kuti tili tonse, amakhala akuyang'ana nkhope za anawo. Akaona kuti wina wachita mantha amafewetsa, akaona kuti wina sanamve amabwereza mwa njira ina, ndipo mawa nthano yomweyo imatuluka mosiyana pang'ono. Filimu imene ili pa foni kapena pa memore khadi imabwera chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo mwana amatha kuionera tsiku lililonse kwa mwezi wathunthu, nthawi zambiri ali yekha. Kuno kwathu palinso nkhani ya chilankhulo. Mwana amene Chingelezi sanachizolowere samva mawu anzeru amene Belle kapena Tiana akunena. Chimene chimamufika chonse ndi chithunzi ndi nyimbo.

Ndiye chithunzicho chimati chiyani? Chimati munthu wabwino amaoneka ndi nkhope. Kuyambira Snow White mpaka Elsa wa mu Frozen, mtsikana wabwino ndi wamng'ono msinkhu, wa khungu losalala, maso aakulu, mphuno yaing'ono ndi chiuno choning'a. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Philip Cohen anaonetsa kuti mu Frozen diso la Anna ndi lalikulu kuposa pamene dzanja lake lalumikizana ndi mkono. Woipa naye amaoneka ndi thupi. Ursula, mfiti ya mu The Little Mermaid, ndi wonenepa. Ana a mayi womupeza wa Cinderella ali ndi mphuno zoseketsa, mawu okhadzula ndi mapazi aakulu amene akukanika kulowa mu nsapato. Mfumukazi ya mu Snow White ikafuna kupha, imayamba yasanduka nkhalamba ya mphuno yokhota ndi njerewere. Ichi chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa m'madera athu nkhalamba zakhala zikumenyedwa ngakhale kuphedwa poganiziridwa ufiti, ndipo mwana safunika chithunzi china chomuuza kuti makwinya ndi chizindikiro cha mtima woipa. Frozen inayesa kuthyola mwambo umenewu popanga Hans, mnyamata wooneka bwino ndi waulemu, kukhala wachiwembu. Zoterezi zikanachuluka.

Kodi zithunzi zimenezi zimachititsa mwana kudana ndi thupi lake? Apa ochita kafukufuku sanapeze yankho lolunjika monga ambiri amaganizira. Sharon Hayes ndi Stacey Tantleff-Dunn, mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2010, anaonetsa atsikana 121 a zaka 3 mpaka 6 tizigawo ta makatuni, ena tokamba za kukongola ndi ena tosakamba. Ataonera, magulu awiriwa sanasiyane pa mmene ankaonera matupi awo. Chodabwitsa chinali chakuti pafupifupi theka la anawo ananena kuti amada nkhawa ndi kunenepa, ndipo pafupifupi mmodzi pa atatu aliwonse ankafuna kusintha china chake pa maonekedwe ake. Nkhawayo anabwera nayo kale. Kuonera kamodzi sikusintha mwana, koma mwanayo akukulira m'dziko limene filimu, chidole, mayi ndi mnzake wa kusukulu onse akunena chinthu chimodzi.

Chidolecho n'chofunika kuchiyang'anitsitsa, chifukwa ana ambiri amadziwa atsikana amenewa asanaonere filimu iliyonse. Mu 2000, Andy Mooney, amene anachoka ku Nike kukatsogolera nthambi yogulitsa katundu ya Disney, anapita kukaonera masewero a Disney on Ice ku Phoenix. Anaona tiatsikana tambiri titavala madiresi achifumu osokedwa kunyumba. Iye anaonapo ndalama zimene kampani ikuphonya. Anasonkhanitsa atsikana a m'mafilimu osiyanasiyana, amene m'nkhani zawo sanakumanepo, n'kuwaika pansi pa dzina limodzi la Disney Princess. Mtolankhani Peggy Orenstein, amene pambuyo pake analemba buku la Cinderella Ate My Daughter, analemba kuti malonda amenewa anakwera kuchoka pa madola 300 miliyoni mu 2001 kufika pa madola 3 biliyoni mu 2006, pa mitundu ya katundu yoposa 25,000. Anaonanso kanthu kena: pa zithunzi za pakatunduyo atsikanawo amaima pamodzi koma sayang'anana, aliyense maso ali kwake, pofuna kuti nkhani zawo zisasakanikirane.

Pa chikwama cha sukulu kapena pa keke ya tsiku lobadwa, nkhani yonse imatsala. Mulan m'filimu amadula tsitsi ndi lupanga, amavala zankhondo za bambo ake okalamba, n'kupulumutsa China. Pa katundu wogulitsa kawirikawiri amaoneka atavala zovala zofewa zokongola, zonga zimene anavala popita kwa mayi wopezera atsikana amuna, tsiku limene filimu imalionetsa ngati lomvetsa chisoni kwa iye. Merida zinamuchitikira poyera. M'filimu, atamuveka diresi lothina kuti anyamata amupikisanirane, amatambasula mikono mpaka diresilo kung'ambika kuti athe kukoka uta. Mu 2013, pomulowetsa m'gulu la Disney Princess, kampani inamujambulanso: chiuno chochepa, tsitsi losalazidwa, diresi lonyezimira loonetsa mapewa, uta palibe. Brenda Chapman, amene anapeka Merida potengera mwana wake wamkazi, anadzudzula poyera, ndipo anthu oposa 200,000 anasayina chikalata chotsutsa. Ngakhale Elsa, pamene akumasuka ku mantha ake pamwamba pa phiri, filimu imaonetsa kumasukako pomusintha chovala: amamasula tsitsi, n'kutuluka m'diresi labuluu lonyezimira long'aluka m'mbali. Diresi limenelo ndi limene ana padziko lonse analirira. Katundu wotereyu amafika mpaka m'misika yathu, watsopano wochokera ku China ndi wa pakaunjika, ndipo mwana amene kwawo kulibe TV amatha kunyamula nkhope ya Elsa kumsana chaka chonse. Kwa mwana ameneyo Elsa alibe mng'ono wake, alibe mantha, alibe mphamvu. Ali ndi tsitsi loyera lalitali, maso abuluu ndi diresi.

Apa nkhani ya khungu sitingailambalale. Panatenga zaka 72 kuchokera pa Snow White kuti Disney ipange Tiana, mtsikana wakuda woyamba m'gululi. Tiana ndi wolimbikira, amagwira ntchito ziwiri ku New Orleans posunga ndalama zotsegulira malo ake odyera, ndipo ndi mmodzi mwa ochepa amene maloto awo ndi ntchito ya manja awo. Koma nthawi yaikulu ya filimuyo amakhala atasanduka chule. Mwana wakuda amene ankadikira kuona nkhope yonga yake anaona kwambiri chule wobiriwira. Mmene ana amamvera ludzu limeneli zinaoneka mu 2022, pamene kavidiyo koyamba kotsatsa The Little Mermaid yatsopano ya anthu enieni kanatuluka, Ariel ali Halle Bailey, mtsikana wakuda. Makolo ambiri anajambula ana awo akudzidzimuka ndi chimwemwe poona kuti Ariel akufanana nawo, pamene akuluakulu ena ankakwiya kuti mtsikana wam'nyanja sangakhale wakuda. M'mayiko athu, kumene mafuta oyeretsa khungu amagulitsidwa poyera ndipo mwana woyererako amayamikiridwa akadali pamsana, chithunzi cha mtsikana woyera wa tsitsi lofika m'chiuno chimagwera pa nthaka yolimidwa kale.

Mawu nawonso amanyamula uthenga. Katswiri wa zilankhulo Rosina Lippi-Green anapenda anthu 371 a m'makatuni 24 a Disney, n'kupeza kuti mwa olankhula Chingelezi chomveka chachilendo, pafupifupi 40 pa 100 aliwonse anali oipa, pamene mwa olankhula Chingelezi cha ku America anali pafupifupi 20 okha. Mu Aladdin, Jasmine ndi Aladdin amalankhula ngati ana a ku America, koma alonda ankhanza ndi amalonda achinyengo ndi amene ali ndi ndevu, mphuno zazikulu ndi kalankhulidwe kachilendo. Mu 1993 bungwe la Aluya a ku America la American-Arab Anti-Discrimination Committee linadandaula mpaka Disney inasintha mawu ena m'nyimbo yotsegulira filimuyo.

Akatswiri ena a zilankhulo, Carmen Fought ndi Karen Eisenhauer, anawerenga china: ndani amalankhula kwambiri? Zimene anatulutsa mu 2016 zinadabwitsa ambiri. M'mafilimu atatu akale aja akazi amalankhula mofanana ndi amuna kapena kuposa, mpaka 71 pa 100 mu Sleeping Beauty, chifukwa tiakazi tamatsenga ndi mfiti ndi amene akuyendetsa nkhani. M'mafilimu a atsikana olimba mtima a kuyambira mu 1989, amuna ndi amene analanda mawu: 68 pa 100 mu The Little Mermaid, 71 mu Beauty and the Beast, 77 mu Mulan, 90 mu Aladdin. Ngakhale mu Frozen, nkhani ya mtsikana ndi mkulu wake, amuna amalankhula 59 pa 100. Chifukwa chake n'chakuti kupatula mtsikana mwini nkhani, pafupifupi aliyense ndi mwamuna: mlonda, wogulitsa m'sitolo, nduna, kanyama koseketsa. Mwana akuona mtsikana mmodzi wapadera m'dziko loyendetsedwa ndi amuna, wopanda mnzake wamkazi wokamba naye. Akatswiri omwewa anapezanso chinthu cholimbikitsa. M'mafilimu akale, 55 pa 100 ya mawu oyamikira akazi anali a maonekedwe ndipo 11 okha anali a luso. M'mafilimu atsopano a maonekedwe anatsika kufika pa 22, a luso n'kukwera kufika pa 40.

Pali uthenga wina umene olemba a ku Ulaya ndi ku America sakhalitsapo, koma kwa ife ndi waukulu: mayi womupeza. Mu Snow White amafuna kupha mwana chifukwa cha nsanje ya kukongola. Mu Cinderella amamusandutsa wantchito. Mu Tangled ya 2010, Gothel amaba khanda n'kulilera monamizira kuti ndi lake. Ariel, Belle, Jasmine ndi Pocahontas alibe amayi. Pamene abale awiri a ku Germany, Jacob ndi Wilhelm Grimm, anasindikiza nthano ya Snow White koyamba mu 1812, wofuna kupha mwanayo anali mayi wake womubala. Mu 1819 anasintha n'kumupanga mayi womupeza, ndipo mlanduwo unakhazikika pa iye mpaka lero. Nthano zathu nazonso zili ndi mwana wamasiye wozunzidwa, choncho mafilimuwa sakubweretsa chatsopano. Koma ana ambiri kwathu akuleredwa ndi mayi amene sanawabale, mayi aang'ono, azakhali kapena agogo, chifukwa cha imfa, kutha kwa mabanja kapena maulendo a ku Joni. Alipo ana amene akuzunzikadi, ndipo kwa iwo Cinderella akhoza kukhala chitonthozo chakuti vuto si iwo. Alipo enanso amene akuleredwa mwachikondi ndi mayi amene akudzimana chifukwa cha iwo. Mayi ameneyo akatuma mwana kutsuka mbale, amapezeka akulimbana ndi chithunzi chimene mwanayo wachiona kambirimbiri.

Za chikondi ndi ukwati sindikhalitsapo, chifukwa zanenedwa kwambiri. Aurora amakumana ndi mnyamata m'nkhalango ali ndi zaka 16, tsiku lomwelo mtima wapita. Ariel, wa zaka 16 nayenso, amapereka mawu ake kwa mfiti kuti apeze miyendo, n'kupatsidwa masiku atatu oti akope mwamuna osalankhula, ndipo filimu imatha ndi ukwati. M'Malawi munatenga ntchito yaikulu kuti lamulo la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 ziike zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira. Katuni si imene imakwatitsa ana, umphawi ndi miyambo ndi zimene zimatero, koma ndi bwino kholo lidziwe kuti mkwatibwi wa m'filimuyo ndi wa msinkhu wa mwana wa Fomu 2. Pocahontas weniweni anali ndi zaka 10 kapena 11 pamene John Smith anafika ku Virginia mu 1607, ndipo anamwalira ku England mu 1617 ali ndi zaka pafupifupi 21. Chibwenzi cha awiriwa cha m'filimu n'chopeka. Frozen inadzudzula yokha mwambo umenewu: Anna atatomeredwa ndi mwamuna amene wangokumana naye tsiku lomwelo, Elsa amakana kuvomereza, ndipo chikondi chimene chimapulumutsa pomaliza ndi cha Anna podziponya pakati pa lupanga ndi mkulu wake.

Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri pa nkhani yonseyi ndi wa Sarah Coyne wa pa Brigham Young University ndi anzake. Mu 2016 anafalitsa zimene anapeza pa ana 198 a sukulu ya mkaka. Atsikana 96 pa 100 ndi anyamata 87 pa 100 anali ataonerapo mafilimu kapena mapulogalamu amenewa. Atsikana oposa 61 pa 100 ankasewera ndi zidole zake mlungu uliwonse, anyamata 4 okha pa 100. Patatha chaka, ana amene ankazikonda kwambiri ankaonetsa kwambiri makhalidwe amene anthu amati ndi achikazi, monga kusewera mwakachetechete ndi kupewa kudzidetsa. Kufatsa si tchimo. Vuto limabwera pamene mtsikana akukana kukwera mtengo, kugwira dothi kapena kuyesa chinthu chovuta poopa kuti si za atsikana. Kwa anyamata zotsatira zinali zokoma: oonera kwambiri ankathandiza anzawo ndipo ankakhutira ndi matupi awo. Mnyamata amene amangoona ngwazi zomenya ndi zowombera amapeza m'mafilimuwa anthu olira, opepesa ndi osamalana. Ndiye bambo amene amathamangitsa mwana wake wamwamuna pa TV kuti izi n'za atsikana akumumana chinthu chabwino.

Coyne anapitiriza kutsatira ana, ndipo mu 2021 anafalitsa zotsatira za ana oposa 300 atafika zaka 10 kapena 11. Amene ankakonda za ana aakazi a mafumu ali aang'ono anapezeka kuti amakhulupirira kwambiri kuti akazi ndi amuna ayenera kupatsidwa mwayi wofanana, sagwirizana ndi maganizo akuti mwamuna salira, ndipo ena, makamaka a m'mabanja osauka, ankakhutira ndi matupi awo. Izi zikutsutsana ndi mantha a anthu ambiri, ndipo ziyenera kulandiridwa moona mtima. Ana amenewa anakula m'nthawi ya Merida, Elsa ndi Moana. Komanso ndi ana a ku America, ambiri azungu, omva mawu aliwonse a m'filimu, ndipo kafukufuku wotere amaonetsa zinthu zoyendera limodzi, osati kuti china chabala chinzake. Kwa mwana wa ku Mchinji kapena ku Chipata, amene akuona nkhope yosafanana ndi yake ikulankhula chilankhulo chimene sakumva bwino, sitingangotengera zotsatirazo mmene zilili.

Ana nawonso si madengu ongolandira. Karen Wohlwend, amene anakhala nthawi yaitali akuonerera ana akusewera m'kalasi ina ku America, analemba mu 2009 kuti atsikana okonda nkhanizi ankatopa ndi mbali yongogona n'kumadikira, ndipo ankasintha nkhani kuti mwana wa mfumuyo akhale ndi chochita. Aliyense amene anaonapo ana akusewera masanje akudziwa kuti sakopera ndendende. Kamtsikana kamene kamanga chitenje m'khosi n'kumatambasula manja kuti kakuumitsa anzake ngati Elsa, katola mphamvu, osati kufatsa.

Chifukwa cha zonsezi, kuletsa sindikuona kuti n'kothandiza, ndipo n'kosatheka pamene nkhopezo zili pa zikwama za anzake onse. Langizo limene limaperekedwa kawirikawiri ndi lakuti kholo lizikambirana ndi mwana zimene waonera. Koma kafukufuku wa Coyne wa 2016 anapeza chinthu chimene ambiri amachidumpha: kumene makolo ankakambirana kwambiri ndi ana za mafilimuwa, makhalidwe aja otchedwa achikazi ankalimba kwambiri, osati kuchepa. Zikuoneka kuti zimatengera zimene khololo likunena. Mayi akakhala pambali pa mwana n'kumati taona kukongola kwakeko, taona tsitsi, iwenso ukavala diresi lako ufanana naye, wakambirana naye ndithu, koma wangotsindika chimene chithunzi chinanena kale. Mawu othandiza ndi amene amaloza zimene mwana sangazitole yekha. N'chifukwa chiyani Tiana akusunga ndalama m'zitini? Chilombochi chitakalipa, Belle akanapita kwa ndani? Agogo ako ali ndi makwinya, kodi ndi oipa? Mayi aang'ono amene amakuphikira aja akufanana ndi mayi uyu?

Chinanso ndi kuwonjezera nkhope zimene mwana akuona. Mu 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, katuni yopekedwa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia ndi kupangidwa mothandizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Ndi nkhani ya atsikana anayi a sekondale mu Lusaka wam'tsogolo, amene mayi wina wachikulire, kazitape wopuma pantchito, amawasonkhanitsa kuti ateteze mzinda wawo. Ndi akuda, matupi awo ndi osiyana, tsitsi lawo ndi longa la ana athu, amalankhulana okhaokha, ndipo wowatsogolera ndi mayi wokalamba amene si mfiti. Cholepheretsa n'chakuti katuni yotere imafuna intaneti ndi ndalama za mwezi ndi mwezi, pamene Elsa amafika pamsika ndi belo la zovala. Opanga zikwama, osoka mayunifolomu ndi ophika makeke a ana kuno kwathu ali ndi gawo pa nkhaniyi lofanana ndi la ojambula makatuni, chifukwa nkhope imene amasankha kusindikiza ndi imene mwana adzaione tsiku lililonse popita kusukulu.